Ngalande Imene Zenón Anatseka

Ndinamuuza mwana wanga Zenón, tili awiriwiri pabwalo la m'kati mwa nyumba yathu, kuti mwala umene wavundukulawo aubwezere mmene waupezera, adikire mtsikana wa boma abwere Lolemba adzaone. Ndinachita kumugwira mkono. Iye anandiyang'ana ngati mmene amachitira ndikamuletsa kudya peyala atakwiya, n'kunena kuti, "Amayi, dzikoli akanakupatsani inu kuti mulilamulire, bwenzi tonse tikugona ndi nsapato kudikirira chivomezi." Anapukuta manja pa buluku n'kupita kukasuzumira matumba a simenti amene anali pansi pa masitepe.

Sindimuda kwenikweni kuti sanandimvere. Ine ndimachenjeza za zambiri. Ndimaletsa kutuluka panja tsitsi lili lonyowa, kugwira madzi ozizira utangomaliza kusita, kukhala pa miyala ya anthu akale dzuwa likamapendeka. Ndikudziwa kuti zina mwa zimenezi sizinaphepo munthu. Koma ndinaika ana anga m'manda ndisanamere imvi, n'kutsala ndi Zenón yekhayo, ndiye mantha anga musawaseke msanga.

Nkhaniyi inayambira pa ukwati. Nilda, mwana yekhayo wa Zenón, anapeza mnyamata wabwino wa ku Urcos, ndipo anagwirizana zoti adzamange ukwati mu Januwale. M'nyumba muno phwando la ukwati limachitikira pabwalo la m'katili. Ine ndinavina pamenepa ndili kamtsikana, nsapato zobwereka zikundiluma. Zenón anavina pomwepa ndi malemu Grimanesa, mayi ake a Nilda. Choncho atamva za Januwale sanafunse munthu, anangoti mwana wake adzavina pomwe anavina mayi ake, basi.

Koma bwalolo linali litatopa. Miyala yake inali itatitimira, mvula ikagwa pamakhala zithaphwi, ndipo Januwale kwathu kuno mvula siipempha chilolezo. Zenón anaganiza zoyalanso miyala ndi kuimika kadenga m'mbali mwa khoma la khitchini kuti alendo adzabisalepo. Iye ntchito yake ndi yosema matabwa, mafelemu a zithunzi za oyera mtima ndi zitseko za matchalitchi, ndiye mtanda waukulu wa kadengako anausema yekha, maluwa kuyambira uku mpaka uko, pakati pake dzina la Nilda. Amati ndi dzina. Ine, poti sinditha kuwerenga, ndinkangoona kuti ndi lokongola.

Kuno ku San Blas, dera lakale la m'tauni yathu, sungakumbe ngakhale kadzenje kokwirira mphaka popanda chilolezo, ndipo chilolezocho chimabwera ndi munthu wake, wofukula zinthu zakale, woti aziima pamphepete pa dzenje nthawi yonse imene piki ikugwa. Wathu anali Rosaura, mtsikana wowonda, wa chipewa cholimba chomukulira ndi chikwama chakumbuyo. Tsiku loyamba ndinamuopa kuposa wapolisi. Ndinkakumbukira za kwa a Ttito, nyumba yachitatu kutsika masitepe a msewu wathu. Iwo pokonza zipinda anapeza khoma la anthu akale, ntchito inaima, zitsulo zokwererapo zinachita dzimbiri zili chiimire, banja lonse n'kukatha chaka kwa achibale. Ndiye ndinatulutsa kampando kanga, n'kukaika pakhomo la khitchini, kuti mtsikanayu ndizimuona chilichonse chimene akuchita.

Zimene ankachita zinali zotopetsa kuonerera. Amuna akumbe pang'ono, iye awaimitse, atsikire m'dzenje, apalepale ndi kachitsulo kake, asese ndi kabulashi, ajambule, ayeze, atuluke. Dothi lonse linkadutsa pa sefa wamkulu. Tizidutswa ta mbale, timafupa ta nkhosa, msomali wadzimbiri, zonse ankaziika m'timatumba. A Anacleto, mmisiri wamkulu wa ntchitoyo, bambo wa msinkhu wanga amene mano ake akutsogolo anatsanzika kalekale, anamupatsa dzina loti mayi Kabulashi. Tsiku lina anamuitana ali m'dzenje, atanyamula chitsekerero cha botolo.

"Mayi Kabulashi, fulumirani, ndapeza dzino la mfumu."

Rosaura sanadzuke n'komwe pamene anagwada. "Lisungeni, a Anacleto. Inu ndi amene mukulisowa."

Anyamata anaseka mpaka kutsamira mafosholo, a Anacleto nawo anaseka, nkhama zili pamtunda. Ine sindinaseke. Ndinali ndisanamukhulupirire.

Ndinayamba kufewa tsiku limene ndinamuona akutsegula botolo lake la chakumwa kuseri kwa mulu wa dothi. Asanamwe anadontheza pang'ono pansi, milomo ikuyenda. Ankayesa kuti palibe akumuona. Nditamufunsa anachita manyazi, anati agogo ake a ku Paruro anamulera choncho, ndipo ngakhale kusukulu sanamuphunzitse zimenezo, sakonda kulowa m'nthaka ya eni ake osaodira. Kuyambira tsiku limenelo ndinamuletsa kudya buledi wouma ataimirira. Masana ankalowa m'khitchini, n'kukhala pafupi ndi moto, mbira zanga zikuthamangathamanga m'mapazi mwake, ine n'kumupakulira msuzi wa mbatata zouma. Mbirazo ndinkazinenepetsera ukwati. Ndinamuchenjeza za mpweya wa m'maenje akale umene umalowa m'mafupa, ndinamupatsa masamba a koka, amene timatafuna ndi kupereka nsembe, kuti aziika m'thumba. Sanandiseke. Anawaika.

Tsiku lina anandiyalira tizidutswa patebulo. Kena kobiriwira konyezimira anati n'ka nthawi ya agogo a agogo anga, kena kofiira kokhala ndi timizere takuda anati n'ka kale kwambiri, tchalitchi chathu chisanamangidwe. Anati pabwalo limeneli amayi akhala akuswa mbale kuyambira kalekale. Ndinamuuza kuti akanabwera apongozi anga ali moyo akanandithandiza, chifukwa iwo ankati woyamba kuswa mbale m'nyumba muno ndine.

Lamulo lake linali limodzi, ndipo ankalibwereza Loweruka lililonse pomanga chikwama: iye kulibe, munthu asakumbe. A Anacleto ankalisunga. Zenón ndiye linkamudya. Ankabwera kuchokera kosema n'kupeza dzenje lomwe lija la dzulo, litangozama pang'ono, mtsikana ali chogwada ndi kabulashi. Sankanena kanthu pamaso pake, koma kukhitchini ankadandaula kuti pa liwiro limeneli ukwati umene udzachitikire pabwaloli ndi wa mdzukulu wa Nilda. Novembala anali akutha, kumwamba kwa mapiri mitambo itayamba kusonkhana masana.

Loweruka lija kunali kutatsala dzenje limodzi, la mzati womaliza, loyandikana ndi khoma la khitchini. Amisiri anaweruka masana, Rosaura ananditsanzika n'kutsika masitepe. Zenón anayendayenda pabwalo, kenako anatola piki. Ndinamukumbutsa lamulo la mtsikana. Anati akungomuchepetsera ntchito, dothi lonse amusiyira pamulu kuti Lolemba adzasefe mpaka atakhuta.

Atafika m'mawondo, piki inalira mosiyana. Anapala ndi fosholo, panaoneka mwala wafulati wosalala. Anautukula ndi chitsulo. Ndinadzuka pakampando n'kukasuzumira, ndipo mphepo yozizira inandiwomba kumaso, ya fungo ngati la m'mtsuko wa madzi. Pansi pake panali ngalande, yaing'ono, yoti mkono wa munthu n'kugonamo, miyala yake yolumikizana popanda dothi kapena simenti, moti ngakhale singano singalowe. Inkachokera kumtunda, kudutsa pansi pa khoma la khitchini, n'kulowera chakumsewu. Zenón anapisamo dzanja n'kutulutsa mchenga. Unali wonyowa, pamene mvula yeniyeni tinali tisanaione kwa miyezi.

Apa m'pamene ndinamugwira mkono uja. Za madzi sindinkadziwa kanthu, ndisaname. Ine ndinkaopa eni ake. Anthu amene anasema miyala yotere sanapite kutali, ndipo sakonda kuti munthu awatsegulire chitseko popanda mwambo, kuli bwanji kuwatsekera. Zenón ankaopa zina. Anayang'ana ngalandeyo nthawi yaitali, n'kunena motsitsa mawu kuti zikatere ndiye za kwa a Ttito zatipeza. Ndinamuuza kuti Rosaura si munthu woipa. Anati ubwino wa mtsikanayo sudzavina pa ukwati. Kenako ananena za nsapato ndi chivomezi zija.

Lamlungu m'mawa ndinapita ku Misa, ndinayatsa kandulo, ndinapempha kuti mwana wanga agwidwe ndi ulesi. Pobwera ndinapeza thukuta lili chuchuchu, wilibala ili mbuu. Mwala uja anali atauswa n'kuuponya pansi, dzenje lonse ladzaza konkire mpaka kukamwa, ngalande ndi zonse, zitsulo za mzati zitatulukira pamwamba. M'makona anathiramo chicha, mowa wathu wa chimanga. "Achikulire anu aja ndawapatsa chakumwa," anatero. "Musadandaule." Ankafuna kundiseketsa. Ndinalowa m'khitchini osavula n'komwe shawelo ya kutchalitchi.

Lolemba Rosaura anabwera n'kuima pa konkirepo. Kenako anafunsa kuti pansi panali chiyani. Zenón anati dothi lokhalokha. Mtsikanayo anapita pa mulu uja, anaufukula ndi kachitsulo kake, n'kutulutsamo kachibenthu ka mwala kosalala mbali imodzi, ndi mchenga umene sunafanane ndi dothi la pabwalo. Sanabwerere kwa Zenón. Analowa m'khitchini, anagwada pafupi ndi ine ngati akufuna kuotha moto, n'kundifunsa chapansipansi kuti agogo, munaona chiyani.

Ndinamuuza zonse. Mwana wanga ndimamuopa akakwiya, koma a pansi pa nthaka ndimawaopa kwambiri. Anandifunsa kuti ngalandeyo inkachokera mbali iti, ndipo mchengawo unali wonyowa bwanji. Nditamuyankha nkhope yake inasintha. Anatuluka, ine n'kumutsatira mpaka pakhomo.

"Bambo Zenón, za mwala mwaswawo tidzakamba tsiku lina," anatero. "Chimene chikundiopsa ndi madzi. Ngalande imeneyo sinafe. Mvula ikagwa kuphiri, madzi amayenda pansi pa nyumba zonsezi, ndipo anu amadutsa pamenepo. Khoma ili ndi la zidina."

Zenón anandiyang'ana ine kaye, kuyang'ana kumene sindidzakuiwala. Kenako anati, "Mvula imagwa chaka ndi chaka, mayi. Nyumbayi sinagwepo."

"Chifukwa madzi anali ndi njira."

Rosaura anamuchonderera kuti aswe konkireyo tsiku lomwelo isanaume n'kulimba. Anati iye mwini adzagwira ntchito ngakhale Lamlungu, ayeretse ngalandeyo msanga, aijambule, aiyeze, ndipo akapempha akuluakulu ake kuti mbali ina ya bwalo ntchito isaime. Mzatiwo ungosunthidwa pang'ono. Koma mzati ukasuntha, mtanda wosemedwa uja ukanaperewera, ndipo Zenón anausema miyezi yambiri. Zenón anamufunsa ngati akalembe zimenezi ku ofesi kwawo. Rosaura anati akalemba, chifukwa akapanda kulemba ndiye kuti masiku onse aja anangobwera kudzadya msuzi wa agogo.

"Mukalemba, ukwati wa mwana wanga mwaupha," anatero Zenón.

"Ndikufuna mwana wanu adzavine pansi pa khoma loimirira," anayankha mtsikanayo.

Analembadi. Yankho linabwera loti mbali ya khitchini ntchito iime, ndipo akuluakulu adzabwera kudzaona zikondwerero za Khirisimasi zikatha, poti nyumba zodikira zinali zambiri. A Anacleto anasonkhanitsa zida zawo. Pochoka anandiuza kuti iwo anakalamba, sangagwire ntchito yoletsedwa, komanso kuti simenti ndi zidina ndi ngati mkazi wamkulu ndi wamng'ono, ukawaika pamodzi wina amadwala. Zenón anasiya kundilankhula. Ankadya kumsika. Nilda, pofuna kuthandiza, anauza bambo ake kuti iye sangadandaule phwando litachitikira mu holo ya kutchalitchi. Zimenezo ndiye zinawawa kuposa zonse. Zenón anangoti, "Mayi ako sanavine mu holo," n'kutuluka.

Anapitiriza yekha, chitseko cha kumsewu chili chotseka. Anayala miyala ya pabwalo, bwino ndithu, chifukwa manja ake sadziwa kugwira ntchito yonyansa. Anaitana mnzake wina n'kuimika mzati pa konkire paja, anakweza mtanda wamaluwa, mbali ina pamzati, mbali ina anaiboolera m'khoma la khitchini. Anafolera ndi matailosi. Kunena zoona kanali kokongola. Ndinkati ndikayang'ana, mtima wina unkati mwina ndine nkhalamba yamantha chabe, monga amanenera onse.

Mvula inayamba chapakati pa Disembala, yamasana, yamatalala, yosandutsa masitepe a msewu wathu mtsinje. Zoyamba kudziwa zinali mbira. Malo awo anali pansi pa benchi ya dothi, kukhoma lomwelo, kumene zakhala zikuswana chibwerere ine m'nyumba muno. Tsiku lina ndinazipeza zonse zitaunjikana kuseri kwa chitseko, mbali inayo, ndipo udzu ndikauika kumalo akale sizinkapitako. Kenako m'munsi mwa khoma munada. Kudako kunkakwera, lero m'akakolo, sabata yamawa m'mawondo. M'khitchini munayamba kununkha ngati m'munda wongolimidwa kumene. Mchere unanyowa m'chitini.

Ndinamuuza Zenón. Anali atayambanso kundiyankha, mawu amodziamodzi. Anati nyumba zonse za ku San Blas zimatuluka thukuta nthawi ya mvula. Anasungunula njereza n'kupaka khomalo kunja, linayera mbee, patapita masiku ochepa kuda kuja kunatulukiranso pamwamba pa njereza, iye n'kupakanso. Usiku ndinkagona ndi nsapato. Sindinamuuze.

Kutatsala sabata kuti ukwati uchitike, Rosaura anagogoda. Ntchito yake kwathu inali itaima, anali atamutumiza ku nyumba ina kumunsi kwa tauni, koma anati mvula ikamagwa amalephera kudya. Analowa m'khitchini, anaika chala pakhoma n'kukankha. Chalacho chinalowa ngati mu mtanda wa buledi. Anandiuza kuti ndisaphikenso m'menemo, ndipo tinanyamula mbira ndi mapoto kupita nazo kuchipinda cha kutsogolo. Kenako anakhala pa masitepe kudikira Zenón.

Ndinkayembekeza mkangano, koma sunachitike. Zenón atabwera, mtsikanayo anangomugwira dzanja n'kukamuonetsa bowo la chala chija. Mwana wanga anaima pamenepo nthawi yaitali. Ndinaona kuti naye ankadziwa, mwina kuyambira kale, kungoti ukwati unali utayandikira kwambiri. Anati ukwati ukangotha adzaswa konkireyo ndi manja ake, ndipo akuluakulu akafuna kumulanga amulange. Anapempha sabata imodzi yokha. Rosaura anati khoma silidziwa za ukwati. Pomaliza anagwirizana kuti m'mawa mwake abwera ndi a Anacleto ndi mapolo a bulugamu kudzachirikiza khomalo ndi mtanda womwe, ndipo alendo asadzakhale mbali imeneyo. Zenón anavomera, bola mapolowo adzakulungidwe ndi nsalu ndi maluwa. Anamuperekeza mpaka kumsewu, chinthu chimene anali asanachitepo. Pobwera anadya kunyumba, mbale ziwiri.

Mvula inagwa usiku wonse. Kutacha kunayera, dzuwa likuwala pa matailosi onyowa. Ndinatuluka n'kupeza Zenón akusungunula njereza mu ndowa, makwerero atawatsamiritsa kale kukhoma la khitchini. Anati mapolo akaikidwa sadzathanso kufikira bwino, ndiye apake komaliza anthu aja asanafike, khoma lidzaoneke loyera kuseri kwa maluwa. Ndinamuuza kuti achoke pamenepo. Ndinamuuza kuti ngakhale mbira zachokapo. Sanakwiye. Anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Amayi, kaikeni madzi pamoto, alendo athu afika atatopa ndi mapolo. Ndikangomaliza apa nditsika."

Ndinali ndisanafike pachitseko cha chipinda. Sikunamveke phokoso lalikulu ngati mmene ndinkaganizira zaka zonsezi ndikamaopa chivomezi. Khomalo linangokhala pansi, ngati ng'ombe yotopa, m'munsi mwake n'kufutukuka, kenako matailosi anayamba kugwa ndi kusweka. Nditatembenuka, khitchini yanga inali yotsegula, mashelefu ali poyera, ndipo pamene panali makwerero panali mulu wa matope, mtanda wamaluwa utapingasa pamwamba. Pansi pa muluwo panatuluka madzi ofiira, ambiri, anadutsa pa miyala yatsopano ija, n'kukatulukira pakhomo la kumsewu.

Madzi amenewo ndi amene anakumana ndi Rosaura ndi a Anacleto pa masitepe, ali ndi mapolo pamapewa, anyamata awiri kumbuyo. Analowa akuthamanga. Ine ndinali ndikukumba ndi zala pamalo pamene ndinaona nsonga ya chipewa cha Zenón. A Anacleto anagwira fosholo, koma Rosaura anawaletsa. Anati ayambe achirikiza chidutswa cha khoma chimene chinatsala chikulendewera, apo ayi chikwirira tonse, ndipo munthu asalowetse chitsulo chachikulu m'matopemo. Mapolo aja anagwira ntchito yake, mochedwa. Rosaura anagwada, anandisuntha pang'ono, n'kuyamba kuchotsa dothi ndi kachitsulo kake kaja, mofulumira koma mosamala, kuzungulira mutu. Nkhope itaoneka, anatulutsa kabulashi m'thumba n'kusesa matope m'mphuno, m'kamwa ndi m'maso mwa mwana wanga. Zenón anatsokomola. A Anacleto, amene anamupatsa mtsikanayo dzina lija, anavula chipewa n'kudzilemba mtanda.

Mutu ndi chifuwa zinapulumuka chifukwa makwerero anagwa mopingasa n'kumusiyira kampata. Mwendo wakumanja ndi umene unali pansi pa mtanda. Amuna anayi anautukula ndi mapolo. Sindinena mmene mwendowo unkaonekera. Galimoto ya chipatala sikwera kwathu kuno, msewu ndi masitepe okhaokha, ndiye anazula chitseko cha khitchini, chimene chinatsala chili chiimire chopanda khoma, n'kumugonekapo. Potsika naye, anthu atatuluka m'makomo, Zenón anatsegula maso n'kundifunafuna. Ndinayesa kuti anena za ululu. Anafunsa ngati mtanda wathyoka.

Ukwati unachitika pa tsiku lake, chifukwa Zenón anakana kuti ausunthe. Phwando linali mu holo ya kutchalitchi. Mbira zanga zinadyedwa komweko, anthu anati zinali zonona. Misa itangotha, Nilda sanapite ku holo, anakwera galimoto ndi mwamuna wake, ine ndili pakati pawo, mpaka kuchipatala, ndi diresi lake loyera lomwelo. Odwala ena anadzuka pamabedi n'kuwomba m'manja. Zenón anatembenukira kukhoma. Nilda anakhala pabedipo, anangotenga dzanja la bambo ake n'kuliika pa maluwa amene ananyamula, mpaka bamboyo anatembenuka.

Akuluakulu aja anabwera, anaona, analankhula motsitsa mawu. Za chilango sanalimbikire. Rosaura anabwezedwa kwathu, ndipo iye ndi a Anacleto anaswa konkire ija pang'onopang'ono, anayeretsa ngalande yonse kuchokera pansi pa khitchini mpaka kumsewu. Tsiku loyamba mtsikanayo analira m'chipinda mwanga, ankati mwina akanakalipa kwambiri, mwina akanagona pakhomo la ofesi mpaka atamumvera. Ndinamuuza kuti ine ndakhala ndikukalipa moyo wanga wonse, ndikudziwa pamene kukalipa kumathera. Ndinamupakulira msuzi. Khoma analimanganso ndi zidina, ngalande anaisiya yoonekera pabwalo, anangoikapo zitsulo zamipatamipata kuti munthu asagweremo. Mvula ikagwa kuphiri mumamva madzi akuyenda, ngakhale kuno kusanadonthe.

Zenón anatuluka m'chipatala mvula itatha. Mwendo anaudula m'munsi mwa bondo. Masitepe a msewu wathu sawatha, ndiye kumalo ake osemera kuja anasiya, amasemera pabwalo pomwepa, pakampando kanga kaja, ndodo zake atazitsamiritsa pa mtanda wamaluwa umene uli pansi m'mbali mwa khoma. Sunathyoke. Buluku la suti imene anasoketsa kuti adzavine nayo ndi mwana wake amalivala Lamlungu, mwendo umodzi ataupinda n'kuumanga ndi pini.